MADZI A LUSAKA NDI A YANI?

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa anthu ku Kabwata



Nkhani imene tasonkhanira lero ndi ya madzi ndi malamulo ace. Kapena wina anena mumtima kuti za malamulo nza maloya ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo. Ai, abale, nzathu tonse. Mai amene adzuka tambala woyamba ndi cigubu cace kukaima pa mzere wa pompi ku Kanyama, lamulo liri ndi mbali pa kuima kwaceko. Bambo amene wabowola citsime m'kati mwa mpanda wace ku Kabulonga, nathirira kapinga mwezi wa October dzuwa liri kuswa mtengo, lamulo ndilo lamulola. Cotero tiyenera kudziwa kumene lamuloli linacokera, pamene lafika, ndi cimene litipatsa m'manja.

LAMULO LA MAKOLO

Dziko lino pamene pali Lusaka silinali cipululu. Linali ndi eni ace, Asoli ndi Alenje, ndipo dzina la mzinda uno ndi la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wace unali kuno pamene njanji inafika mu 1905. Anthu amenewa, monga mitundu yathu yonse, anali nalo lamulo la madzi ngakhale silinalembedwe pa pepala. Munthu samanidwa madzi akumwa, angakhale ndi mlendo wongopita m'njira. Citsime akumba munthu mmodzi, koma otunga ndi mudzi wonse. Pa kasupe sadulapo mitengo. Potunga ndi kumtunda, posamba ndi pocapa ndi kunsi, ndipo ng'ombe zimwera kunsi kwace kwa onsewo. Mfumu sinali mwini wa mtsinje monga munthu akhala mwini wa mbuzi yoti angagulitse. Inali msungi, wosungira amoyo ndi osabadwa omwe.

Mwambo umenewu sunafe. Caka ndi caka ku Chongwe, Asoli acita mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu yaikuru Nkomeshya Mukamambo II itsogolera anthu ace kupempha mvula dzinja lisanayambe. Anthu amene apempha mvula pamodzi adziwa kuti madzi ace ndi a onse.

MAPEPALA A ATSAMUNDA

Atsamunda anabwera ndi lamulo lina, lamulo la pepala. Mu 1890 Frank Lochner, mtumiki wa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, analembetsa pangano kwa Mfumu Lewanika ya Alozi. Ndi pepalalo pamodzi ndi ena onga ilo, kampaniyo inadzinenera kuti miyala yonse ya mtengo wapatali ya pansi pa dziko lino ndi yace, ngakhale mkuwa wa m'dziko la Alamba kumene Lewanika sanalamulireko. Mu 1924 Boma la Britain linatenga ulamuliro wa dziko, koma kampani inatsala ndi cuma ca pansi, ndipo inali kulandira ndalama pa mkuwa wokumbidwa ndi thukuta la ana athu.

Atatha za pansi anatembenukira za pamwamba. Mu 1928 anagawa dziko pawiri. Nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji anaicha ya Mfumu ya ku England, ndipo eni dziko anawakankhira ku malizevu. Dziwani kuti wolanda munda walandanso kasupe ndi dambo ziri m'mundamo. Malo amene amai a Cisoli anatungapo kuyambira kale anakhala m'kati mwa waya wa mafamu.

Mu 1935 likuru la dziko linacoka ku Livingstone kudza kuno. Omanga mzinda anaika mapaipi ao kumayadi. Munthu wakuda anamuyesa wanchito wongokhalitsa pang'ono, woti nchito ikatha abwerere kumudzi. Ndico cifukwa cace anamumangira tinyumba tozungulira taudzu kuno ku Kabwata, tina mwa ito tikali ciimire pa mudzi wa zosemasema uja, ndipo madzi ndi zimbudzi zinali za gulu. Amene sanapeze malo m'malokesheni anakamanga pa mafamu ndi pa mabwinja okumbapo miyala, kumene kunalibe paipi ndi imodzi yomwe. Makomboni athu anayamba motero.

LAMULO LA 1948

Tsono mu 1948 anapanga lamulo la madzi limene linayamba kugwira nchito mu 1949. Tikupemphani kuti mumvetsetse apa, pakuti mabvuto ambiri a lero anabadwira pamenepa. Lamulolo linati madzi onse ali m'manja mwa Boma, koma linawagawa mitundu iwiri. Madzi a m'mitsinje anawacha a anthu onse. Munthu ali yense analoledwa kumwa, kuphikira ndi kumwetsa ziweto, koma wofuna kupatutsa mtsinje kapena kumanga damu anayenera kupempha cilolezo ku bungwe la Water Board. Nanga ndani anadziwa njira ya ku ofesi imeneyo, ndi cizungu colembera kalata yace? Anali eni mafamu ndi eni migodi. Mudzi umene unamwa mtsinjewo zaka mazana unalibe pepala, ndipo pa mlandu mwini pepala ndiye amamveka.

Mtundu waciwiri anaucha madzi a mwini malo. Dambo kapena kasupe zimene ziri m'kati mwa malo a munthu mmodzi, ndi madzi onse amene munthu watulutsa pansi pa malo ace ndi makina, anali ace, atenge monga afuna. Lamulo linaona ngati madzi a pansi pa nthaka amaima pa malire a puloti monga umaima mpanda.

Dziko la Alozi lokha ndilo linasiyidwa kunja kwa lamuloli, pakuti kumeneko Litunga ndi nduna zace anali kuweruza okha za madzi ndi nsomba. Mtsinje wa Zambezi unasiyidwanso kunja, ndipo zimene zinacitika pa Zambezi tizikumbukira. Boma la Citaganya litasankha kumanga damu pa Kariba mu 1955, Atonga a ku Gwembe okwana ngati 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anacotsedwa pa minda yao ya m'mbali mwa mtsinje, imene inali kubala kawiri pa caka. Mu September 1958, pa mudzi wa Chisamu m'dziko la Mfumu Chipepo, anthu anakana kukwera malole opita ku Lusitu. Apolisi anaombera, ndipo anafa anthu 8. Magetsi a Kariba anapita ku migodi ndi kumatauni, mawaya ace napitirira pamwamba pa midzi ya eni mtsinje.

UFULU UNABWEZA MKUWA, MADZI ANATSALIRA

Pa nkhani ya miyala atsogoleri athu anaima nji. Pangano la 1950 linati kampani ija idzadya mpaka 1986. Iwo anakana, nasonyeza poyera kuti mapepala a Lochner analibe mphamvu pa maiko a mafumu ena. Patangotsala maola owerengeka kuti mbendera yathu ikwere pa October 24, 1964, kampani inagonja, nilandira mapaundi 4 miliyoni, theka locokera ku Britain ndi theka locokera kwa ife. Mu August 1969, ku Matero komwe kuno, Dr. Kenneth Kaunda analengeza kuti cuma conse ca pansi cibwerera ku Boma la anthu.

Koma lamulo la madzi la 1948 linakhalabe. Mwini madzi anakhala Pulezidenti, zina zonse nizitsala monga zinaliri, ndipo linalamulira dziko laufulu kufikira 2011. M'zaka zimenezo mzinda unakula koposa. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni. Madzi ocokera ku mtsinje wa Kafue, amene ayeretsedwa pa Iolanda ndi kukankhidwa m'mapaipi mtunda woposa makilomita 40, sanathe kukwanira. Gawo lalikuru la madzi a mzinda uno licokera pansi pa mapazi athu. Kampani ya madzi iri ndi zitsime zace, ndipo yense wokhala ndi ndalama anabowola cace, popanda womfunsa kuya kwace kapena kuculuka kwa madzi amene akoka.

CITSIME NCIMODZI

Pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu, umene uli ndi ming'alu ndi mapanga. Mvula ikagwa, madzi alowa msanga m'ming'alumo ndi kuyenda pansi kucokera dera lina kunka dera lina. Ndiwo mwai wa mzinda uno, ndiponso ndilo tsoka lace, pakuti cimene cilowa pansi pamodzi ndi mvula sicisefedwa bwino. Cimbudzi cokumba ca m'komboni ndi thanki ya zonyansa ya nyumba ya kumayadi zonse zitsikira m'mwala umodzimodziwo. Wa ku Woodlands wobowola mamita ambiri ndi wa ku Chawama wokumba citsime cosaya atunga m'nkhokwe imodzi. Wamakina akakoka kwambiri, cimayamba kuphwa ndi citsime ca wosauka.

Umboni wace tauona ndi maso. Kolera imene inayamba mu October 2017 inagwira anthu oposa 5,000, ambiri a iwo a m'makomboni a Lusaka monga Chipata ndi Kanyama. Imene inayamba mu October 2023 inaposa pamenepo. Odwala m'dziko lonse anapitirira 20,000, akufa anapitirira 700, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, a kumayadi ndi a m'komboni cimodzimodzi. Pa cilala ca 2024 nyanja ya Kariba inatsika, magetsi nazima usana ndi usiku, ndipo eni zitsime za makina anaona mathanki ao ali gwa. Akuru anati citsime cidziwika kuya cikaphwa.

LAMULO LATSOPANO

Tsopano tinene za lamulo limene liripo, kuti tidziwe cida cimene tiri naco. Mu 1997 kunapangidwa lamulo la madzi a m'mapaipi ndi ukhondo, limene linakhazikitsa bungwe la NWASCO loyang'anira makampani a madzi ndi mitengo yao. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inafafaniza lamulo la atsamunda lija, nipanga lamulo nambala 21 la kasungidwe ka madzi, limene linabala bungwe la WARMA.

Lamulo limeneli linakonza zinthu zazikuru. Mau aja akuti madzi a mwini malo anacotsedwa. Madzi onse, a m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka omwe, ali m'dzina la Pulezidenti m'malo mwa anthu onse a Zambia. Madzi a pakhomo, akumwa, ophikira ndi osamba, ndiwo oyamba pogawa, ndipo munthu safuna cilolezo kuti atunge madzi otere. Wofuna madzi a malonda, a famu yaikuru kapena a fakitale ndiye apemphe cilolezo ndi kulipira. Dziko linagawidwa m'zigawo 6 potsata mitsinje ndi nyanja: Zambezi, Kafue, Luangwa, Luapula, Chambeshi ndi Tanganyika. Lamulo linenanso kuti pakhale makhonsolo a zigawozo ndi mabungwe a anthu ogwiritsa nchito madzi, kuti mafumu akhale ndi mau m'menemo, ndi kuti miyambo ya makolo yosunga madzi isamalidwe.

Mu 2018 anaonjezapo malamulo a zitsime za makina. Wobowola akhale ndi laisensi. Citsime ciri conse cilembetsedwe. Pakati pa citsime ndi cimbudzi pakhale mtunda wa mamita 30. Ambiri anadandaula, nati Boma laika msonkho pa madzi a Mulungu. Ife tikuti kulembetsako nkoyenera. Nkhokwe imene ali yense atapamo usiku popanda wowerenga, mwezi wa njala ipezeka yopanda kanthu. Koma tifunsenso kuti m'komboni mmene mapuloti ali othithikana, mamita 30 acokera kuti? Pamenepo mankhwala ace ndi paipi ya madzi abwino ndi njira yocotsera zonyansa, ndipo imeneyo ndi nchito ya Boma ndi kampani ya madzi.

NKHALANGO YA NAMBALA 27

Lamulo labwino pa pepala liyesedwa pamene akuru alifuna malo. Kum'mawa kwa mzinda uno, kupitirira Kabulonga, kuli nkhalango ya Lusaka East, imene tonse tiidziwa ndi dzina lakuti Forest 27. Inapatulidwa mu 1957 cifukwa ndiyo imwetsa nthaka madzi a mvula, ndipo m'menemo ndimo mucokera mtsinje wa Chalimbana umene ukathira mu Chongwe, m'dziko la Asoli.

Mu 1983 Boma linacotsa citetezo pa nkhalangoyi. Mitengo inagwa, mcenga unakumbidwa, ndipo Chalimbana anayamba kuphwa. Anthu a m'mbali mwa mtsinjewo sanakhale cete. Anasonkhana, nalemba maina ao pa kalata ya dandaulo, naumirira kufikira Pulezidenti Frederick Chiluba anabwezera nkhalangoyo m'citetezo mu 1996. Gwirani cimeneci, abale. Alimi wamba anabweza nkhalango ndi mau ao ndi maina ao.

Koma kuyambira 2017 kufikira 2019 zigawo zina za nkhalango yomweyo zinadulidwanso ndi zilengezo za Boma, ndipo pamalopo panagawidwa mapuloti a nyumba zazikuru. Nduna za ufumu wa Asoli pamodzi ndi bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust anapita nayo nkhaniyi ku khoti. Funso lao ndi lathunso. Ngati pamalo pomwera madzi a mvula paikidwa simenti ndi mathanki a zonyansa, a kunsi adzamwa ciani?

Onaninso mbali yina. Mtsinje wa Ngwerere utenga madzi oipa a m'tauni muno ndi kukawathira mu Chongwe. Ndiye kuti mzinda umene unamangidwa pa dziko la Asoli uwatsekera kasupe kumtunda, nuwatumizira litsiro kunsi. Ufulu wa eni dziko pa madzi ao suli nkhani ya maiko akutali okha ai. Uli pa msewu wopita ku Chipata, ulendo wosakwana ola limodzi kucokera ku Chelstone.

Ndiponso ife a m'tauni tiri kunsi kwa anthu ena. Pa February 18, 2025, damu la zotsalira za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Kafue ameneyo ndiye timwa kuno. Cimene ticitira a ku Chongwe, ena angathe kuticitira ife.

ZIMENE TIFUNA

Coyamba, malo onse omwetsa madzi a pansi, Forest 27 ndi malo ozungulira zitsime zazikuru za mzinda, atetezedwe kotero kuti colembera ca munthu mmodzi cisathe kuwagawa. Pasacotsedwe citetezo pa nkhalango popanda kufunsa poyera mafumu ndi anthu a kunsi kwa mtsinje.

Caciwiri, mipando imene lamulo la 2011 lipatsa mafumu ndi anthu wamba ikhalidwe ndithu, ndipo amai akhalepo ambiri, pakuti iwo ndiwo adziwa tsiku limene citsime cinayamba kununkha. Mudzi umene wamwa mtsinje kuyambira makolo ulembedwe m'buku la WARMA, kuti wopempha cilolezo ca famu apeze kuti madziwo ali kale ndi eni ace.

Cacitatu, ufulu wa madzi ulowe m'malamulo akuru a dziko. Bungwe la United Nations linabvomereza mu July 2010 kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu ali yense. Kuno kwathu mau otere anali m'ndandanda wa maufulu umene tinaponyera voti mu August 2016, koma mavoti obvomereza sanafike pa ciwerengero cofunika, ndipo nkhaniyo inagona. Iyenera kudzutsidwa.

Cacinai ndi ca ife eni. Inu a kumayadi, lembetsani zitsime zanu, pimitsani madzi anu, ndipo wa m'komboni akagogoda pa geti ndi cigubu, kumbukirani kuti madzi muli naowo anadzera pansi pa nyumba yace. Inu a m'makomboni, madzi akabwera akuda kapena akasowa masiku ambiri, lembani dandaulo ku kampani ya madzi, ndipo ikapanda kuyankha pitani nalo ku NWASCO. Mukaona wina amanga pa kasupe kapena athira zoipa mumtsinje, dziwitsani WARMA ndi ZEMA. Lamulo la zacilengedwe la 2011 lipatsa munthu ali yense ufulu wokhala pa malo aukhondo, ndiponso mphamvu yokasuma ku khoti ufuluwo ukaopsezedwa. Musapite mmodzi mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pitani ndi maina a mudzi wonse monga anacitira a ku Chalimbana.

Makolo athu anacotsa cuma ca pansi m'manja mwa kampani imene inali ndi asilikari, maloya ndi mabwenzi ku London. Nchito imene yatsalira ife ndi yaing'ono poyerekeza ndi yao, pakuti malamulo ambiri alembedwa kale, ndipo olemba ace tiwasankha ndife. Cotsala ndi kuwagwiritsa nchito, kufikira mwana wa ku Kanyama ndi mwana wa ku Kabulonga adzamwa madzi amodzimodzi popanda mantha, ndipo Chalimbana adzayenda caka conse.

Pobwerera kwanu kauzeni anansi anu zimene mwamva. Kwaca!